Kodi mafuta olimba a roketi amayesedwa bwanji ngati angapirire chisanu?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Fizikisi ndi Kemisitiri pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Titaonera kanema wa ngozi ya chombo cha m'mlengalenga cha Challenger ndi ana a Fomu 4, mtsikana wina anafunsa ngati mafuta a roketi ndiwo anauma ndi kuzizira mpaka kusweka, ndipo sindinamuyankhe zogwira mtima. Kodi mafuta olimba amaswekadi akazizira, nanga akatswiri amayesa bwanji zimenezi? Kodi tingayesereko ife m'firiji? Chinanso, anyamata ena akufuna kupanga karoketi ka shuga ndi feteleza kuti akakaonetse pa chionetsero cha sayansi. Ndiwalole?

Yankho: Aphunzitsi, musadandaule kuti funsoli linakuvutani, chifukwa mtsikanayo anafunsa chinthu chimene chinasowetsa mtendere akatswiri a maroketi kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero roketi iliyonse yatsopano imayenera kuyesedwa pa chimenechi. Mukamuuze kuti pa Challenger mafutawo si amene anasweka, koma maganizo ake analondola njira yabwino, pakuti chimene chinalephera chinali mphira, ndipo mafuta olimba a masiku ano nawonso ndi mphira.

Mawu akuti mafuta amasocheretsa pang'ono, popeza ife timaganiza za petulo kapena palafini. Chimene chimakhala m'roketi yotere ndi chinthu chotuwa, cholimba koma chofewerako, chimene mukachidina ndi chala chimamveka ngati chofufutira cha pensulo. Mbali yaikulu, yoposa 80 peresenti ya kulemera kwake, ndi timibulu touma: mchere wina wotchedwa ammonium perchlorate umene umapereka okosijeni, ndi ufa wa aluminiyamu umene umawonjezera kutentha. Chotsalacho ndi mphira wopangidwa m'fakitale, umene umathiridwa uli wamadzimadzi, n'kuuma m'kati mwa chigoba cha roketi ndi kugwira timibulu tonse pamodzi. Mphira wofala kwambiri masiku ano ndi HTPB, pamene maroketi awiri a m'mbali mwa Space Shuttle, mtundu wa chombo cha Challenger, ankagwiritsa ntchito wina wotchedwa PBAN, ndipo iliyonse inkanyamula matani pafupifupi 500. Pakati pa mafutawo amasiya dzenje loyambira kumtunda kufika kumunsi, ndipo moto umayaka pa khoma la dzenjelo n'kumadya mafuta kulowera kunja.

Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti moto umayaka paliponse pamene pali poonekera, ndipo kuchuluka kwa utsi wotentha kumatsatira kukula kwa malo amene akuyakawo. Wopanga roketi amawerengera malowo mosamala kuti utsi wopangidwa ulingane ndi khomo lotulukira. Ndiye ngati m'mafutawo muli mng'alu, lawi limalowamo ndi kuyatsa makoma ake awiri, utsi umachuluka kuposa umene khomo lingatulutse, kupanikizika kumakwera, kukwerako kumafulumizitsa kuyaka ndiponso kumakankha mng'aluwo kuti upitirire, ndipo sekondi isanathe chigoba chikhoza kuphulika. Vuto la chisanu, choncho, si lakuti mafuta akana kuyaka. Mafuta ozizira amayaka mochedwerako pang'ono, koma chimenecho n'chosavuta kuwerengera. Choopsa ndi kung'aluka.

Mphira uliwonse uli ndi malire a kuzizira pamene timaunyolo ta mamolekyu ake timaleka kugwedezeka, ndipo umasiya kutamuka n'kukhala wouma gwa, woti ukaupinda umathyoka. Malirewa akatswiri amangowalemba kuti Tg. Kwa HTPB ali pansi kwambiri, cha m'ma -70°C kufika -80°C, ndipo n'chifukwa chake mphirawu unapambana ena amene analipo kale. Vutoli ndi lakale ngati maroketi enieniwo. Mu 1942, ku California, wopanga maroketi Jack Parsons ndi anzake anatopa ndi mafuta a ufa wotsenderezedwa amene ankang'aluka akasungidwa, ndipo anayesa kumanga mchere wa okosijeni ndi phula la mumsewu. Zinagwira, koma phula limayenderera kukatentha ndipo limasweka kukazizira, motero cha m'ma 1945 Charles Bartley wa ku Jet Propulsion Laboratory anasinthira ku mphira wa polysulfide wa kampani ya Thiokol. Kuchokera pamenepo, mbiri ya mafutawa yakhala yofunafuna mphira wotamuka bwino pa kuzizira kwakukulu.

Mwina mungadabwe kuti kuzizira kotere kumapezeka kuti, poti kwathu kunyanja kuno, ngakhale mwera utakwiya bwanji mu Juni ndi Julaye, usiku sutsika kwenikweni pansi pa madigiri 15. Koma pa mtunda wa makilomita 11 m'mwamba, kumene ndege zimauluka, mpweya umakhala cha pa -56°C, ndipo roketi yaing'ono yomangidwa kunja kwa ndege imakhala m'chisanucho kwa maola angapo isanayatsidwe. N'chifukwa chake maroketi ambiri a mtundu umenewu amayenera kugwira ntchito kuyambira -54°C kufika 71°C. Maroketi akuluakulu onyamula masetilaiti ali ndi mwayi, chifukwa amasungidwa m'nyumba zoyang'aniridwa bwino ndipo ena, monga a ku Ulaya otchedwa Ariane, amanyamukira ku Kourou ku French Guiana kumene n'kotentha ngati ku Salima.

Ngati Tg ya HTPB ili pansi pa -70°C ndipo roketi imangofika -54°C, munthu angaganize kuti nkhani yatha. Pamenepa ndi pamene ambiri amanyengeka, ndipo pa ntchito yanga yoyesa mphira ndi mapulasitiki ndaona kangapo anthu akudalira nambala ya Tg yolembedwa pa pepala la wogulitsa ngati kuti imayankha zonse. Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza.

Choyamba ndi kunyala. Mafutawo amaumitsidwa m'chigoba pa kutentha kwa madigiri 50 kapena 60, ndipo amamatirira ku khoma la chigobacho. Akamazizira amafuna kunyala mowirikiza pafupifupi ka 10 kuposa chitsulo chowazungulira, koma chitsulocho sichiwalola. Zotsatira zake n'zakuti khoma la dzenje lapakati limakokedwa, makamaka m'makona ngati dzenjelo lili ndi maonekedwe a nyenyezi, ndiponso m'mapeto mmene mafuta amakumana ndi chigoba. Roketi imene inaumitsidwa pa 60°C n'kuziziritsidwa kufika -54°C yatsika ndi madigiri 114, kotero moto usanayake n'komwe, mafuta ake amakhala atakokedwa kale pa nthawi imene mphamvu yawo yotamuka yachepa.

Chachiwiri ndi liwiro. Mphira ukakokedwa pang'onopang'ono, timaunyolo take timapeza mpata wosuntha ndi kuwongoka, koma ukakokedwa mwadzidzidzi umachita ngati wazizira kwambiri kuposa mmene ulili. Roketi ikayatsidwa, kupanikizika m'dzenje kumachoka pa ziro kufika pa msinkhu woposa kulemera kwa mpweya wa kunja maulendo makumi angapo, ndipo zimenezi zimachitika m'kachigawo kakang'ono ka sekondi. Mu 1955 Williams, Landel ndi Ferry anasindikiza njira ya masamu yosonyeza mmene kuzizira ndi liwiro zimasinthanirana pa mapolima, zinthu monga mphira ndi pulasitiki, ndipo mpaka pano ndi imene imathandiza kulumikiza zotsatira za mayeso ambiri kukhala mzere umodzi. Tanthauzo lake pa nkhani yathu n'lakuti mafuta a pa -54°C okankhidwa mwadzidzidzi akhoza kuchita ngati afika kale pa Tg yawo.

Mayeso enieni amayambira pa tizidutswa tating'ono kwambiri. Makina otchedwa DSC amatenga kachidutswa kolemera mamiligalamu ochepa, n'kukaziziritsa ndi nayitrojeni yamadzi imene imawira pa -196°C, kenako n'kukatenthetsa pang'onopang'ono uku akuyeza kutentha kumene kakumwa. Pa Tg mzere wa zotsatira umapanga kasitepe. Makina ena, DMA, amagwira kandodo ka mafutawo n'kumakapinda uku ndi uku, mwina kamodzi pa sekondi, pamene kuzizira kukusintha, ndipo amaonetsa pamene kulimba kumakwera mwadzidzidzi. Ine ndimakhulupirira kwambiri DMA kuposa DSC pa zinthu zodzaza ndi timibulu chotere, chifukwa mphirawo ndi wochepa ndipo kasitepe ka DSC kamakhala kobisika, komanso chifukwa pa DMA mukawonjezera liwiro la kupinda mumaona ndi maso Tg ikukwera ndi madigiri angapo.

Mayeso amene amalemekezedwa kwambiri ndi okoka. Amadula chidutswa chotalika ngati chikhatho, chonenepa ku mapeto ndi chowonda pakati, n'kuchiika m'makina okoka amene ali m'kabokosi kozizira. Chidutswacho chimasiyidwa m'menemo kwa ola kapena kuposa kuti chizizire mpaka m'kati, ndipo woyesa wosaleza mtima amene amakoka kunja kokha kutazizira amapeza zotsatira zabwino zabodza. Kenako makina amakoka mpaka chitaduka, akulemba mphamvu ndi kutalika. Zimenezi zimabwerezedwa pa kutentha kosiyanasiyana ndi liwiro losiyanasiyana, ndiponso m'chipinda chopanikizidwa ndi nayitrojeni pofuna kufanizira ndi m'kati mwa roketi yoyaka. Pa kutentha kwa m'nyumba, mafuta abwino kawirikawiri amatamuka kuposa 30 peresenti asanaduke, koma pa chisanu chachikulu ndi liwiro lalikulu, mphamvu yofunika kuwadula imakwera pamene kutamuka kumagwa kwambiri. Munthu wosazolowera amasangalala akaona mphamvu yakwera, osadziwa kuti nambala yoteteza roketi ndi ya kutamuka, popeza chigoba chimakoka mafutawo kutalika kwina kwake kaya alimbe bwanji.

Mukayang'anitsitsa chidutswa chotere chikukokedwa pamalo otentha, mumaona pakati pake pakuyera chisanaduke. Kuyerako ndi mphira umene ukumatuka pa timibulu n'kusiya timipata ta mpweya, ndipo pali chida choyeza kufufuma kwa chidutswacho kumene kumabwera ndi timipatato. Mukaika poduka pa maikulosikopu, mumapeza timibulu tathunthu ndi timaenje tosalala mmene tina tazukamo. Chidutswa chokokedwa pa chisanu chimaduka kamodzi n'kulira thyo, ndipo poduka pake pamaoneka timibulu ta mchere tong'aluka pakati, chifukwa mphira unali utagwira zolimba moti mng'alu unadutsa m'timibulumo m'malo mozungulira. Woyesa wodziwa akangoona poduka amatha kunena ngati chinthucho chinamatuka kapena chinathyoka. Palinso mayeso ena amene amayamba adula dala kamng'alu pa chidutswa kuti aone mphamvu imene imakapititsa patsogolo, chifukwa palibe mafuta opanda chilema chilichonse, ndipo funso lenileni ndi kukula kwa chilema chimene angachipirire.

Tizidutswa tikatha, amapanga timaroketi toyeserera tokhala ndi madzenje a kukula kosiyana, n'kutiziziritsa sitepe ndi sitepe mpaka dzenje litang'aluka, kapena kutiloweza m'chisanu ndi m'ng'anjo mosinthanasinthana maulendo ambiri. Amaunika m'kati ndi X-ray ngati mmene achipatala amaunikira fupa, kufunafuna ming'alu ndi malo amene mafuta amatuka ku chigoba. Mayeso omaliza ndi kuyatsa roketi yeniyeni itamangidwa pansi, itasungidwa m'chisanu kwa masiku mpaka pakati pake patazizira.

Zinthu zina zitatu zimasintha zotsatira, ndipo ziwiri mwa izo zikukhudza nyengo yathu. Mphira wa HTPB ukamakalamba umagwirizana ndi okosijeni n'kumalimba, motero mafuta amene anapambana mayeso ali atsopano akhoza kulephera patapita zaka 10, ndipo kutentha kumafulumizitsa ukalambawo. N'chifukwa chake amasunga zidutswa m'ng'anjo ya madigiri 60 kapena 70 kwa miyezi kenako n'kuziyesanso pa chisanu. Chinyezi nacho chimafooketsa mgwirizano wa mphira ndi mchere, kotero chinthu chosungidwa m'chinyontho cha kunyanja m'dzinja ndi kutentha kwa Okutobala chimawonongeka msanga ngakhale chisanaone chisanu. Chachitatu n'chakuti mphira wina ukakhala nthawi yaitali pozizira, timaunyolo take timafola mwadongosolo n'kuuma ngakhale Tg isanafike. Mphira wachilengedwe, ngati umene umachokera m'mitengo ya ku Vizara ku Nkhata Bay, uli ndi Tg ya cha pa -70°C, koma umauma motere mofulumira kwambiri cha pa -25°C, ndipo mayeso a ola limodzi sangaonetse zimenezo.

Tsopano za Challenger. Chombocho chinanyamuka pa 28 Januwale 1986 ku Florida kunja kuli pafupifupi 2°C, pamene maulendo onse am'mbuyo sanachitike pa kuzizira koposa pafupifupi 11°C. Maroketi a m'mbali anali opangidwa m'zigawo, ndipo polumikizira panali timikombero ta mphira totchedwa O-ring totseka mpata kuti utsi usatuluke. Roketi ikayaka, chigoba chimafufuma ndipo mpatawo umakula pang'ono, choncho mphira uyenera kutukuka nthawi yomweyo kuti utsatire. Tsiku limenelo mphira unali wouma ndi kuzizira ndipo unachedwa, utsi wotentha unadutsa, lawi linafika pa thanki yaikulu ya mafuta amadzimadzi, ndipo chombo chinasweka patatha masekondi 73. Anthu 7 anamwalira, mmodzi wa iwo Christa McAuliffe amene anali mphunzitsi ngati inu. Mu Febuluwale chaka chomwecho, pa msonkhano wa komiti yofufuza, katswiri wa Fizikisi Richard Feynman anapana kachidutswa ka mphirawo, n'kukaviika m'kapu ya madzi a ayezi, ndipo atakamasula kanakhala kanthawi kasanabwerere mwakale. Mphira umenewo sunasweke ndipo unali usanafike pa Tg yake, unangochedwa ndi kachigawo ka sekondi.

Pa funso loyesera kusukulu, zambiri mwa zimene ndafotokozazi mukhoza kuzionetsa popanda chinthu chilichonse choyaka, ndipo ngakhale m'malabu akuluakulu mayeso ambiri oyambirira amachitidwa pa mafuta onamizira amene muli mchere wosayaka. Mbali yopangira ayezi ya firiji ya m'nyumba imafika cha pa -18°C, ndipo magetsi akavuta, ayezi wosinja ngati amene ogulitsa nsomba amagwiritsa ntchito, mukamusakaniza ndi mchere wa kukhitchini, amatha kutsika kufika cha pa -20°C. Sakanizani mchenga wosefa wa kunyanja ndi guluu woyera wa akalipentala, muyale chosakanizacho pa pulasitiki kuti chiume kwa masiku angapo, kenako mudule timalamba tofanana. Pangani timalamba tina ndi mchenga womwewo koma ndi silikoni yomatira magalasi. Ana apinde kamodzi kali kofunda ndi dzuwa, kenako apinde kochokera m'ayezi. Ka guluu kadzathyoka kakazizira pamene ka silikoni kadzapindikabe, ndipo adzaona okha kuti mchenga ndi womwewo, chasintha ndi chomangira. Apatseni galasi lokulitsira zinthu kuti ayang'ane poduka, ndipo atetezeni maso popinda. Za liwiro, chingamu chotafunidwa chimakwanira: chikokedwe pang'onopang'ono chidzatamuka ulusi wautali, chikokedwe mwamphamvu kamodzi chidzaduka. Ngati ana akufuna manambala, apachike botolo ku lamba n'kumathiramo madzi mpaka litaduka, n'kumalemba kutalika ndi rula, bola achite msanga lamba lisanafunde.

Za karoketi ka shuga ndi feteleza, yankho langa ndi ayi, ndipo musawasiye akachite okha kuseri. Chosakaniza chimenecho chikauma chimakhala chosachedwa kusweka ngakhale kuli kotentha, ndiye kuti chili ndi vuto lenileni limene takambiranali popanda njira iliyonse yoonera ming'alu ya m'kati. Mwana akachitsekera m'paipi, zidutswa za paipiyo ndi zimene zimachotsa zala ndi maso, ndipo ambiri amapsa asanafike pamenepo, pa nthawi yosakaniza. Ngakhale akatswiri okhala ndi zida zonse amakumana ndi ngozi: pa 22 Ogasiti 2003 ku Alcântara ku Brazil, injini ya mafuta olimba ya roketi ya VLS-1 inayaka mosayembekezeka ili pansi ndipo anthu 21 anafa. Kuwonjezera apo, dziko lathu lili ndi lamulo la zinthu zophulika, ndipo kupanga zoterezi popanda chilolezo n'kulakwa kumene kungagwere inu monga mphunzitsi. Roketi ya botolo la pulasitiki, madzi ndi pampu ya njinga imauluka mamita ambiri ndipo imaphunzitsa lamulo lachitatu la Newton mokwanira.

Pali chinthu chimodzi cha mtundu umenewu chimene ana a kunyanja angakumane nacho. Sitima ndi maboti akuluakulu amanyamula timaroketi topempherera thandizo, timene timakwera mamita 300 n'kutsika ndi kuwala kofiira pa kaparachuti. Malamulo a panyanja a dziko lonse amafuna kuti zida zopulumutsira zotere zisawonongeke zikasungidwa pakati pa -30°C ndi 65°C, ndipo chilichonse chimakhala ndi tsiku lotha ntchito, kawirikawiri patapita zaka pafupifupi zitatu. Mwana akatola chotere m'mphepete mwa nyanja, kapena chinthu chilichonse chachitsulo chooneka ngati chipolopolo chachikulu, asachitsegule, asachiponye pamoto, ndipo asachinyamulire kusukulu. Achisiye pomwepo n'kuuza akuluakulu, ndipo inu mudziwitse apolisi kapena a dipatimenti yoona za maulendo a panyanja.

Ngati mtsikana wofunsayo kapena anyamatawo akufuna kupitirira apa, lemberani kudzera kwa ahedi ku nthambi za uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo, mupemphe kuti ana akaone makina okoka zinthu akugwira ntchito. Mukatenge timalamba tanu ta mchenga ndi guluu, tina tili m'bokosi la ayezi, ndipo mukapemphe woyesayo kuti atikoke pa liwiro laling'ono ndi lalikulu kuti ana akafanizire mizere iwiri ya zotsatira ndi zimene analemba ndi rula.